Kapiritsi ka Bactrim: muli chiyani, ndipo tikasamale bwanji?

Pa tsiku lolandira mankhwala, munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV amachoka kuchipatala atanyamula zinthu ziwiri: botolo la ma ARV ndi mapiritsi oyera a Bactrim. Botolo lija amalisamala ngati ndalama. Koma mapiritsi enawa, ife alangizi a zaumoyo a kuno kwa Kaluluma timawapeza m'malo odabwitsa. Tsiku lina m'nyengo yothyola fodya, tikuyendera matenanti pa esiteti ina, tidaona mapiritsi a miyezi itatu atatsomekedwa kudenga kwa chigafa, osachotsapo ngakhale limodzi. Titafunsa, eni ake adaseka. "Amenewa ndi a chifuwa, adokotala. Ine sindikutsokomola ayi. Ndikusungira ana akadzadwala."

Bambo amenewa sali okha. Ena amagawira anansi, ena amasungunulira nkhuku m'madzi kukabwera chitopa, ena amangosiya kumwa thupi likabwerera. Tikuganiza kuti vuto lagona poti Bactrim tidamuzolowera kwambiri. Tidakula tikumuona m'magolosale ndi pamsika, ndiye timamuyesa mnzake wa Panado. Lero tiyeni timutsegule kuti tione zomwe zili m'kati mwake, chifukwa munthu amene wadziwa chomwe akumeza amachisamala mosiyana.

Chilembo cha S

Bactrim ndi dzina la malonda chabe, monganso Septrin. Dzina lenileni la mankhwalawa ndi cotrimoxazole, ndipo achipatala akalemba CPT m'kabuku kanu amatanthauza kumwa mankhwala amenewa tsiku ndi tsiku pofuna kupewa matenda. M'piritsi limodzi muli mankhwala awiri: sulfamethoxazole ndi trimethoprim. Woyambayo amachuluka kasanu kuposa mnzake. Piritsi la mamiligalamu 480 lili ndi 400 a sulfamethoxazole ndi 80 a trimethoprim. La 960 lili ndi 800 ndi 160. Kapiritsi ka ana ka 120 kali ndi 100 ndi 20.

Dzina la sulfamethoxazole likuyamba ndi "sulfa" chifukwa muli sulufule. Alimi anzathu sulufule mumamudziwa kale ngakhale simunamuonepo ndi maso. Kale pa thumba la feteleza wa chitowe pankalembedwa 23:21:0+4S, ndipo S ameneyo akuimira sulufule. Amapezekanso mu adyo, mu anyezi, m'mazira ndi m'tsitsi lathu lomwe. Fungo lija limatuluka tikamawaula nthenga za nkhuku pamoto, mbali ina ndi la sulufule.

Koma sulufule sakhala mofanana paliponse. Wa mufeteleza ali ngati mchere wa m'nthaka. Wa mu adyo ndi wa m'mankhwalawa ngomangika pa kaboni, chinthu chomwe chimapanga makala komanso matupi a zamoyo zonse. Omwe tidaphunzirako sayansi kusekondale tikukumbuka kuti chinthu chilichonse chimapangidwa ndi timaatomu. Kachidutswa kamodzi ka sulfamethoxazole kali ndi maatomu 10 a kaboni, 11 a haidirojeni, 3 a naitirojeni, 3 a okosijeni ndi 1 yokha ya sulufule. Atomu imodzi imeneyi ili pakati, ikulumikiza mbali ziwiri za kachidutswako, ndipo mphamvu ya mankhwalawa imachokera pa momwe zinthuzi zalumikizirana, osati pa sulufule payekha.

Tanena izi dala. Alipo amene amamva kuti adyo ali ndi sulufule n'kumaganiza kuti angalowe m'malo mwa piritsi. M'zaka za m'ma 2000 nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Manto Tshabalala-Msimang, idalimbikitsa anthu kudalira adyo, mandimu ndi ndiwo zina pa nthawi imene ankafunika ma ARV, ndipo dzikolo lidataya anthu ambiri. Adyo ndi wokometsa ndiwo, idyani. Ntchito ya Bactrim sangaigwire.

Kiyi wabodza m'loko

Chamoyo chilichonse chimafuna kachakudya kotchedwa folate kuti chikule ndi kuchulukana. Ife anthu folate timamupeza m'zakudya monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi nyemba. Tizilombo tambiri ta mabakiteriya sitingathe kumutenga wopangidwa kale. Timayenera kudzipangira tokha kuchokera ku chinthu china chotchedwa PABA. Tsono sulfamethoxazole amafanana kwambiri ndi PABA m'maonekedwe. Kachilombo kamamutenga poyesa kuti ndi PABA, ndipo iye amakakamira pamalo pomwe PABA amayenera kulowa. Zili ngati kiyi wabodza amene walowa m'loko, osatsegula, komanso watsekereza kiyi weniweni. Trimethoprim amakatseka patsogolo pa njira yomweyo, ngati kugumula milatho iwiri pa msewu umodzi. Kachilombo kopanda folate sikachulukananso, ndipo thupi limakagonjetsa mosavuta.

Apa mpomwe tikumvetsa zinthu ziwiri. Choyamba, loko amene sulfamethoxazole amatseka mulibe m'thupi mwa munthu, n'chifukwa chake timatha kumwa mankhwalawa kwa zaka. Chachiwiri, mavairasi sapanga folate, choncho Bactrim alibe chochita ndi chimfine, chitopa cha nkhuku, ngakhalenso kachilombo ka HIV. Ntchito yolimbana ndi HIV ndi ya ma ARV. Bactrim amalondera pakhomo kuti matenda ongopezerapo mwayi asalowe pamene chitetezo cha m'thupi chafooka: chibayo, kutsekula m'mimba kwa mitundu ina, matenda a m'magazi, matenda a mu ubongo otchedwa toxoplasmosis, komanso malungo. Amateteza bwino kwambiri ku chibayo chotchedwa PCP, chomwe chimapha makanda obadwa ndi HIV. Chibayo chimenechi ndi chomwe chidachititsa kuti dziko lidziwe za Edzi: mu June 1981 madokotala a ku Los Angeles adalemba za anyamata asanu omwe adadwala chibayo chachilendochi, ndipo limenelo lidali lipoti loyamba la mliriwu.

Udayamba ngati utoto

Mankhwala a m'banja la sulfa ndi akale kuposa ma ARV ndi zaka zoposa 50. Mu 1932 dokotala wa ku Germany, Gerhard Domagk, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Bayer, ankayesa mitundu ya utoto pa mbewa zomwe adazipatsa matenda. Utoto wina wofiira, womwe adautcha Prontosil, udapulumutsa mbewazo. Chodabwitsa chidali chakuti m'botolo la mulabotale utotowo sunkapha tizilombo, koma m'thupi unkagwira ntchito. Mu 1935 akatswiri a ku Pasteur Institute ku Paris adapeza chifukwa chake: thupi limaudula utotowo pakati, ndipo chidutswa chopanda mtundu chotchedwa sulfanilamide ndicho chimachiza. Kuchokera pa chidutswa chimenechi padabadwa mankhwala ambirimbiri. Sulfamethoxazole adapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1950, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adaphatikizidwa ndi trimethoprim chifukwa awiriwa amatha m'thupi pa liwiro lofanana, theka lake pa maola pafupifupi 10.

Fansidar, yemwe achipatala amamutcha SP, ndi wa m'banja lomweli. Mu 1993 dziko lathu lidakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kuchiza malungo ndi SP, mpaka mu 2007 pomwe tidasamukira ku LA. Chibale chimenechi muchikumbukire, tibwererakonso.

Umboni wake udapezeka pafupi ndi kwathu

Kumayiko a azungu madokotala adayamba kale kupereka cotrimoxazole kwa odwala Edzi, koma ambiri ankakayika ngati angathandize kuno ku Africa, komwe matenda ake ndi ena. Yankho loyamba lidachokera ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire, mu 1999. Pakati pa odwala TB omwe adalinso ndi HIV, imfa zidatsika pafupifupi ndi theka mwa omwe ankamwa mankhwalawa tsiku lililonse. Chaka chotsatira, mu 2000, mabungwe a WHO ndi UNAIDS adalangiza mayiko a mu Africa kuti ayambe kupereka.

Chikayiko sichidathe. Ena adati ku Abidjan tizilombo tidali tisanazolowere mankhwalawa, pomwe kuno kumwera tidazolowera kale chifukwa Bactrim ndi Fansidar tidawamwa kwambiri. Funsoli lidali lomveka. M'labotale akatswiri amayeza zimenezi motere: amamera tizilombo tochokera m'magazi a wodwala pa kambale, n'kuikapo kapepala kozungulira konyikidwa m'mankhwala. Mawa lake, ngati pozungulira kapepalako payera, ndiye kuti mankhwala akugwira. Ngati tizilombo tamera mpaka kukhudza kapepala, ndiye kuti tapima. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuyeza magazi motere kuyambira mu 1998, ndipo zotsatira zake zidaonetsa kuti tizilombo tambiri toyambitsa matenda a m'magazi sitimvanso cotrimoxazole.

Choncho padafunika kuyesa kuno komwe. Ku Thyolo, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi pologalamu ya boma yolimbana ndi TB adayamba mu 1999 kuyeza magazi a odwala TB ndi kupereka cotrimoxazole kwa opezeka ndi kachilombo. Ku Karonga akatswiri a ku Chilumba adachita chimodzimodzi kuyambira mu 2000. Konse kuwiri imfa zidachepa, pa nthawi imene ma ARV aulere kudalibe. Mu 2002 Unduna wa Zaumoyo udavomereza kuti odwala TB omwe ali ndi HIV azilandira mankhwalawa, ndipo mu 2005 udakulitsa ndondomekoyi kuti ifikire anthu enanso omwe ali ndi kachilomboka.

Kafukufuku amene amatikhudza mtima kwambiri ndi wa ana wa ku Lusaka, yemwe adatsogoleredwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2004. Ana 541 omwe adali ndi HIV, a zaka zapakati pa 1 ndi 14, adagawidwa pawiri: ena ankamwa cotrimoxazole, ena mankhwala ongofanizira opanda mphamvu. Mwa ongofanizirawo adamwalira ana 42 pa 100 aliwonse. Mwa omwa cotrimoxazole, 28 pa 100 aliwonse. Kusiyanaku kudali kwakukulu moti kafukufukuyo adaimitsidwa nthawi yake isanakwane kuti ana onse alandire mankhwala enieni. Ndipo kumeneko ndi ku Lusaka, komwe tizilombo tidali titapima ngati kwathu kuno.

Nanga munthu akakhazikika pa ma ARV, thupi labwerera, Bactrim ngofunikabe? Ili ndi funso lomwe timafunsidwa kwambiri m'magulu othandizana. Ku Uganda ndi ku Zimbabwe adayesa pa ana oposa 700 omwe adali atamwa ma ARV pafupifupi zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ena adasiyitsidwa Bactrim, ena adapitiriza. Zotsatira za mu 2014 zidaonetsa kuti osiyawo ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri, makamaka ndi malungo, chibayo ndi matenda a m'magazi. Chaka chomwecho WHO idalangiza kuti kumadera komwe malungo ndi matenda a mabakiteriya ngochuluka, mankhwalawa azipitirizidwa. Kwathu kuno udzudzu umachuluka m'miyezi yomweyo imene tili kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya, chakudya chili chochepa, ndipo tsiku limodzi logona ndi malungo ndi masamba opsera m'munda. Ife tikuona kuti kusiya pawekha ndi kutchova juga. Ngati pali chifukwa chosiyira, achipatala ndiwo anene.

Ufa wosasungunuka

Sulfamethoxazole ndi ufa woyera, wowawa, ndipo khalidwe lake lalikulu ndi lakuti sasungunuka bwino m'madzi. Zinthu zingapo zomwe timakuuzani pawindo zimachokera pamenepa.

Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Madzi akachepa m'thupi, mkodzo umakhala wochepa ndi wolimba, ndipo ufa uja ungathe kuundana ngati timchenga m'njira ya mkodzo. Munthu amene watha tsiku lonse padzuwa akupalira, kapena akusonkhezera moto m'balani ya fodya wochiza ndi nkhuni, amatuluka thukuta lambiri. Ameneyu ayenera kumwa madzi pafupipafupi, osadikira ludzu. Kachasu ndi masese si madzi. Dzuwa lomwelo limathanso kuwotcha khungu msanga kwa ena omwe akumwa mankhwalawa, choncho chipewa ndi malaya a mikono yaitali zimathandiza.

Ngati mwana wapatsidwa mankhwala amadzi, gwedezani botolo nthawi iliyonse musanathire, chifukwa ufawo umadikha pansi. Mukapanda kutero, masiku oyamba mwana amamwa madzi ashuga, masiku otsiriza n'kumwa mankhwala opyola muyeso. Kapiritsi ka ana kaphwanyireni pa supuni m'timadzi taukhondo kapena mumkaka wa m'mawere, ndipo onetsetsani kuti zotsalira pa supuni zamezedwa.

Kusasungunuka kumeneku kudaphetsapo anthu. Mu 1937 kampani ina ku America idafuna kugulitsa sulfanilamide wamadzi, ndipo poti m'madzi sankasungunuka, idamusungunula m'mankhwala ena otsekemera otchedwa diethylene glycol, osayesa kaye. Amenewa ndi poizoni wa impso. Anthu oposa 100 adafa, kuphatikizapo ana, ndipo mu 1938 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loti mankhwala aziyesedwa asanagulitsidwe. Tikaona mapiritsi opanda dzina akugulitsidwa pa tsiku la msika pa Nkhamenya, atayalidwa padzuwa pambali pa sopo ndi machesi, nkhani imeneyi imatibwerera m'mutu.

Kasungidwe kake nkosavuta: pamalo pouma, pozizira, posafika dzuwa, ndiponso posafika ana. Chigafa si malo ake, pafupi ndi mafuwa si malo ake, m'thumba la thalauza yogwirira ntchito si malo ake. Musawaike pamodzi ndi mabotolo a mankhwala opopera fodya. Mapiritsi akhale m'paketi kapena m'botolo lawo mpaka nthawi yomwa. Kale akuluakulu ankamwa piritsi la 480 m'mawa ndi lina madzulo. Tsopano ambiri amalandira la 960 lomwa kamodzi patsiku, ndiye yang'anani nambala yolembedwa musanatsatire zomwe mnzanu amachita. Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukira tsiku lomwelo, koma mawa musamwe awiri. Ngati akuchititsani nseru, imwani mutadya.

Zidzolo: apa tisachitepo masewera

Anthu ambiri amamwa Bactrim popanda vuto lililonse. Koma alipo ena omwe thupi lawo limadana ndi mankhwala a sulfa, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pakati pa anthu omwe ali ndi HIV kusiyana ndi ena. Nthawi zambiri zimaoneka m'masabata oyambirira. Zikayamba ndi timatuza toyabwa pakhungu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake kuti akaone. Koma ngati zidzolozo zabwera ndi kutentha thupi, maso ofiira, zilonda m'kamwa, pamilomo kapena kumaliseche, kapena khungu layamba matuza ndi kusupuka ngati munthu wapsa ndi madzi otentha, siyani kumwa nthawi yomweyo ndipo thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku. Madokotala amati amenewa ndi matenda a Stevens-Johnson, ndipo amapha. Chimodzimodzinso maso akasanduka achikasu, mkodzo ukachepa kwambiri, kapena zikhato zikayera chifukwa chochepa magazi.

Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi chakuti munthu akasupuka khungu chonchi, achibale amafulumira kunena kuti walodzedwa kapena wadya zosinjirira, n'kuyamba kwa asing'anga, uku akupitiriza kumwa piritsi lomwe layambitsa vutolo. Masiku awiri otayika pamenepo ngambiri. Ponyamuka tengani mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, chifukwa alipo enanso omwe amatulutsa zidzolo zofanana, monga nevirapine, ndipo dokotala ayenera kuona onse kuti adziwe wolakwa.

Munthu amene zidamuchitikirapo zoopsazi asadzamwenso Bactrim moyo wake wonse, ndipo asadzamwenso Fansidar, poti ndi apachibale. Pemphani kuti zilembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo akunyumba adziwe. Komatu izi sizikutanthauza kuti musiye mazira, anyezi, kabichi, kapena kuopa kugwira feteleza. Sulufule wa m'zinthu zimenezi ngwamtundu wina, alibe vuto kwa inu.

Apa mpomwe pali kuipa kogawana mankhwala. Bambo a pachigafa aja ankasungira ana awo mapiritsi a munthu wamkulu. Piritsi la 960 ndi lofanana ndi timapiritsi 8 ta ana. Komanso mnansi amene mwamugawira simukudziwa ngati thupi lake limagwirizana ndi sulfa. Ndipo kumwa piritsi limodzi lero, lina mkuja, kapena kuthira m'madzi a nkhuku, ndi njira yomwe tizilombo timaphunzirira kupima.

Amayi oyembekezera ndi makanda

Kusikelo amayi oyembekezera amapatsidwa SP kuti atetezeke ku malungo. Koma mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sayenera kumwanso SP. Awiriwa amatseka njira imodzi yomweyo ya folate. Kuwaphatikiza sikuwonjezera chitetezo, kumangowonjezera chiopsezo cha zidzolo ndi kuchepa kwa magazi. Bactrim yekha akumuteteza kale. Vuto limabwera pamene mayi akulandira ma ARV ku chipatala china n'kumapanga sikelo ku chipatala china, osaulula, poopa kuti anthu a pa esiteti angadziwe. Mayi, anamwino amasunga chinsinsi. Anong'onezeni kuti muli pa CPT. Mapiritsi owonjezera magazi pitirizani kumwa, ndipo gonani m'masikito usiku uliwonse.

Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo amayamba cotrimoxazole akakwana masabata 6, osati asanakwane, chifukwa kwa kakhanda kongobadwa kumene mankhwalawa angakulitse chikasu. Amapitiriza nthawi yonse yoyamwa mpaka achipatala atatsimikiza, atasiya kuyamwa, kuti alibe kachilombo. Muyeso wake umasintha mwana akamakula, n'chifukwa chake sikelo ya mwezi ndi mwezi siyenera kuphonyedwa.

Fodya akatha kugulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, matenanti ambiri amalandira zawo n'kubwerera kwawo, ena kusamukira ku esiteti ina. Musananyamuke, fikani kuchipatala chomwe mumalandirako mankhwala, mutenge kalata yosamukira, ndipo muwerenge ngati ma ARV ndi Bactrim yemwe akwanira kufikira mutalembetsa kumalo atsopano. Mapiritsi a pachigafa aja tidawatenga n'kukawabweza kuchipatala chifukwa adali atanyowa ndi mvula yodontha, ndipo bambo aja adalandira ena. Tsopano amawasunga m'kachitini kotseka bwino, m'sutikesi momwe muli botolo la ma ARV.